Mwakaona Kaja?

Moni wa m'tauni muno wafupika. Kale anthu akakumana ankafunsana za kunyumba, za ana, za odwala ndi za mvula mpaka miyendo kutopa. Lero "tili bwino kaya inu" asanathe n'komwe, dzanja lalowa kale m'thumba, foni yatuluka, funso lili, "Mwakaona kaja?" Mukati simunakaone, mnzanuyo amakondwa, chifukwa wapeza woti amuonetse. Amakugwirirani foni pamphuno, iye osayang'ana kavidiyoko, maso ali pankhope panu kudikira pomwe muyambire kuseka. Mukachedwa amakuthandizani: "Dikirani, dikirani, ndi apa, onani apa!"

Khutu langa lakhala likutolera zomwe anthu akukamba za timavidiyo timeneti, ndipo chomwe ndapeza n'chakuti kuno kavidiyo sikathera pomwe wojambula anakathera. Kakatha m'pamene bwalo limakhala, mlandu n'kuyamba kuzengedwa, aliyense n'kukhala woweruza. Nazi zina mwa zigamulo zomwe zatuluka.

Mu minibasi: maliro ovina

Mu minibasi foni imakhala ya munthu mmodzi koma maso ndi a mpando wonse, kuphatikizapo a kumbuyo amene amasuzumira paphewa. Wogula bandulo ndi mmodzi, oseka ndi khamu, ndipo palibe amene anasonkhapo ngakhale K50. Wa kuwindo amafika podandaula kuti dzuwa likuthwanima pagalasi, mwini foni apendeketse pang'ono. Kondakitala naye chenje cha anthu chili m'manja, khosi lili m'gulu.

Kavidiyo kosatha fasho m'menemu ndi ka anyamata a ku Ghana onyamula bokosi la maliro akuvina. Mtsogoleri wawo ndi Benjamin Aidoo, ndipo a BBC anawajambula mu 2017, koma dziko linawadziwa bwino mu 2020, nthawi ya Covid-19. Anthu anayamba kuwalumikiza kumapeto kwa timavidiyo ta munthu amene watsala pang'ono kuona zakuda: wanjinga akulunjika kudzenje, chithunzi n'kuduka, anyamata a masuti aja n'kutulukira ndi bokosi pamapewa, miyendo ikuponyedwa uku ndi uku.

Bambo wina wachikulire, chipewa pabondo, anati kwawo adzukulu sangayerekeze zimenezo, amfumu angawalipitse mbuzi maliro asanafike kumanda. Mayi wa kumbuyo anawafunsa mwaulemu kuti nanga bambo, gule amene amatuluka pa maliro kwanuko amabwera kudzakhala pansi? Bamboyo anati izo n'zina, n'zamwambo. Mayiyo anati a ku Ghana nawo akulemekeza wakufa m'njira yawo, kusiyana kwake n'kwakuti iwo amavala masuti ndipo amalipiritsa. Mnyamata wa kutsogolo, amene anali duu ulendo wonse, anangofunsa kuti kodi ntchitoyo amalemba liti. Anthu awiri anapitirira siteji yawo osazindikira.

Ku babashopu ndi ku saluni: kulemera uli chete

Ometa tsitsi ali ndi ngwazi yawo, Khaby Lame. Mnyamatayu anabadwira ku Senegal n'kukulira ku Chivasso, kufupi ndi Turin ku Italy. Mu Malichi 2020 ntchito ya kufakitale inamuthera, iye n'kuyamba kujambula timavidiyo pa TikTok. Amayamba waonetsa munthu akuvutika ndi chinthu chosavuta, monga kusenda nthochi ndi chimpeni chachikulu. Kenako iye amaisenda ndi manja, n'kutambasula zikhatho, nkhope ili gwa, osatulutsa liwu ndi limodzi lomwe. Pofika Juni 2022 analibe womuposa pa TikTok pa kuchuluka kwa omutsatira.

Wometa wina, makina ali pamutu pa kasitomala, anafotokoza chinsinsi chake bwino kuposa akatswiri. Anati nthabwala ya mawu imafuna womasulira, ndipo ikamasuliridwa imazizira. Koma nkhope ya munthu wodabwa ndi uchitsiru wa mnzake agogo a ku Ntchisi amaimva, mnyamata wa ku Tokyo amaimvanso. Kasitomala anavomera ndi mutu, mzere wa tsitsi n'kukhota.

Ku saluni chigamulo chinali china. Mayi wina akulukidwa anati bambo a kunyumba kwawo nawo akhala chete zaka zambirimbiri, ndipo ukawafunsa za ndalama ya ndiwo amatambasula zikhatho chimodzimodzi, nkhope yomweyo, koma mpaka lero palibe wawatsatira ngakhale mmodzi.

Anakambidwanso ndi Kili Paul, Mmasai wa ku Tanzania, ndi mlongo wake Neema, amene amagwedeza milomo motsatira nyimbo za mafilimu a Chiindiya ataima pakhomo pawo m'zovala zachikhalidwe. Anatchuka ku India mpaka nduna yaikulu ya dzikolo, Narendra Modi, inawatchula pa wailesi mu Febuluwale 2022. Anyamata a pa benchi zinawapweteka. Ati iwo mafilimu a Chiindiya anawayamba kalekale m'mavidiyo sho, nyimbo zake ankaziimba mokhotakhota momwemo popita kumjigo, koma tsoka lake panalibe wogwira kamera.

Pa bawo: mamiliyoni aja ali kuti?

Pa bawo saonera za achinyamata, koma dzina la a Giddes Chalamanda likatchulidwa nkhomo zimayamba zaima. Gogoyu anabadwa mu 1930 ku Chiradzulu ndipo wakhala akuimba ndi gitala lake kuyambira ambiri a ife tisanabadwe. Mu 2016 anakaimba ku Library of Congress ku Washington. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala nawo pansi n'kuimbanso nyimbo zawo zakale m'kamvekedwe ka reggae, ndipo kachidutswa ka "Linny Hoo" kanathawira pa TikTok. Pofika Januwale 2022, pamene ankakwanitsa zaka 92, nyuzipepala za kunja zinkalemba kuti nyimboyo yaonedwa maulendo oposa 80 miliyoni. Anthu a m'mayiko akutali ankaivina osamva liwu ndi limodzi lomwe.

Apa bwalo linagawanika. Ena anati ndi ulemu waukulu ku dziko lathu. Mkulu wina, amene anagwirapo ntchito yowerengera ndalama, anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi. Anati aliyense woonera akanaponya K1 yokha, gogoyo akanakhala ndi K80 miliyoni. Tsono ndalamazo zili kuti? Mdzukulu wa wina anayesa kufotokoza kuti maso a anthu si ndalama. Anati pa YouTube, kuti uyambe kugawiridwa za malonda otsatsa, umafunika kaye olembetsa 1,000 ndi maola 4,000 oonera pa chaka, ndiponso kuti nyimbo ikamazungulira m'timavidiyo ta anthu ena phindu lake silifika lokha pakhomo pa woimba. Mkulu uja anamvetsera mpaka pamapeto, n'kunena kuti m'masiku awo munthu wodyera thukuta la mnzake anali ndi dzina lake, ndipo dzinalo silinasinthe chifukwa cha foni.

Kuchokera pamene gogo Jetu anagwedeza dziko mu 2024 ndi nyimbo ya "Wakalamba Wafuna", agogo ambiri ayamba kuchezeredwa ndi adzukulu amene kale sankaoneka ngakhale pa Khirisimasi. Amafika ndi shuga wa paketi imodzi ndi foni yodzaza moto, n'kumati, "Agogo, tanenaninso zija munanena dzana zija." Gogo wina akuti anayankha kuti anena, koma shugayo akhale mapaketi awiri.

Mu gulupu ya banja: amalume atumizanso

Gulupu ya banja pa WhatsApp inatsegulidwa kuti anthu azidziwitsana za maliro, maukwati ndi zopereka. Zimenezo zimachitika mwa apo ndi apo. Masiku ena onse ndi a amalume, amene amatumiza kavidiyo ka zaka zisanu zapitazo n'kulemba pamwamba kuti "zachitika lero ku Lilongwe", pamene magalimoto a m'kavidiyomo akuyenda kudzanja lamanja. Aliponso azakhali a maluwa otseguka okha m'mamawa, ndi msuweni amene sayankha uthenga wa zopereka koma pa kavidiyo ka mbuzi yokwera njinga amakhala woyamba kuika tinkhope tolira n'kuseka.

Eni ake a WhatsApp anayesa kuwamanga manja amalume a dziko lonse. Mphekesera zofalitsidwa pa foni zitaphetsa anthu ku India, mu Januwale 2019 anakhazikitsa malire oti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulupu asanu okha pa nthawi imodzi. Mu Epulo 2020 anawonjezera kuti uthenga umene wayenda kale kwambiri, uja umakhala ndi timivi tiwiri pamwamba, uzipita kumodzi kokha. Amalume sanagonje. Amatumiza kumodzikumodzi, modekha, mpaka onse atalandira.

Mkangano wosatha ndi wa achibale a ku Joni ndi a ku UK. Iwo ali pa WiFi, ndiye amaponya chimvidiyo cha mphindi khumi osaganiza kawiri. Wa kumudzi, amene wagula kabandulo ka tsiku limodzi n'kukwera pachulu kusaka netiweki, akangokhudza basi katha. N'chifukwa chake pamabwera funso lofunika kuposa onse: "N'chachikulu bwanji? N'choseketsadi?" Ena amadikira kuti akakumana ndi mnzawo akawaponyere pa Bluetooth kapena pa Xender, kapena akalowetsedwe mu memore kwa anyamata obena nyimbo kumsika.

Pali kavidiyo kamodzi kokha komwe gulupu yonse inagwirizana, ka "Jerusalema" ya Master KG ndi Nomcebo Zikode. Nyimboyo inatuluka kumapeto kwa 2019, koma gule wake anayambitsa ndi achinyamata a ku Angola mu Febuluwale 2020, akuvina mbale za chakudya zili m'manja. Anamwino, apolisi, ansembe ndi ogwira ntchito m'mabwalo a ndege m'mayiko ambiri anatsatira, mpaka pulezidenti Cyril Ramaphosa analimbikitsa anthu a ku South Africa kuti aivine pa tsiku lokumbukira chikhalidwe chawo mu Sepitembala chaka chomwecho. Azakhali anagamula kuti ndi nyimbo yauzimu, choncho kuivina si tchimo. Chomwe chinawasangalatsa amalume n'chakuti achinyamatawo sanatayepo chakudya.

Ku ofesi: loya wasanduka mphaka

A m'maofesi amakonda timavidiyo ta anzawo a mataye zinthu zikawasokonekera. Koyamba ndi ka Febuluwale 2021, ku Texas m'dziko la America. Mlandu unkazengedwa pa Zoom, ndipo loya wina dzina lake Rod Ponton anaoneka pa kompyuta ali ndi nkhope ya kamphaka, timaso tili mwazumwazu, chifukwa cha kachipangizo kosintha nkhope komwe sankadziwa kukazimitsa. Ndi mawu onjenjemera anatsimikizira woweruza kuti iye alipo ndithu ndipo si mphaka.

Kalaliki wina anati ku America nkhaniyo inathera pa kuseka chifukwa ndi ku America. Kuno loya atasanduka mphaka pamaso pa bwalo, palibe amene angaloze chala kompyuta. Pofika madzulo tauni yonse ikhala itadziwa kale kuti milandu yake amaipambana bwanji, ena n'kumalumbira kuti anamuonapo usiku padenga. Mesenjala anawonjezera kuti kukana kwakeko ndiye umboni weniweni, chifukwa sanamvepo mphaka wovomera.

Kachiwiri ndi ka Malichi 2017. Pulofesa Robert Kelly ankayankhula pa BBC ali kunyumba kwake ku Busan, ku South Korea, za kuchotsedwa pampando kwa pulezidenti Park Geun-hye. Chitseko chinatseguka, kamwana kakakazi n'kulowa kakuvina ndi mapewa, kakhanda n'kutsatira pa kanjinga kophunzirira kuyenda, kenako mayi awo n'kuuluka kudzawakokera kunja ali chokwawa. Amayi a mu ofesi sanakambe za pulofesayo n'komwe. Anati mendulo ipite kwa mayiyo, chifukwa kubudula ana awiri nthawi imodzi n'kutsekanso chitseko uli chogona ndi luso lomwe amalidziwa okhawo amene anatulutsapo mwana m'tchalitchi ulaliki uli pakati.

Pa chiwaya: mvuu yokongola

Nyama zakhala zikulamulira makanema a pa intaneti kuyambira pachiyambi. Kavidiyo koyamba pa YouTube, ka Epulo 2005, n'ka masekondi 19, mnyamata ataima patsogolo pa njovu kumalo osungira nyama ku San Diego. Mu 2024 dziko linapenga ndi Moo Deng, kamwana ka mvuu za mtundu waung'ono komwe kanabadwa mu Julayi chaka chimenecho ku Khao Kheow, ku Thailand. Kankaterera, kukuwa ndi kuluma bondo la wokasamalira, ndipo anthu okaona anachuluka mpaka oyang'anira malowo anaika malire a mphindi zisanu pa gulu lililonse.

Mtsikana wina podikira tchipisi anati n'kokongola, akanakonda kukaweta. Wokazinga tchipisiyo, amene kwawo ndi m'mbali mwa Shire, anaimika chipande m'mwamba n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Anati achemwali, mvuu yokongola ndi ya mu foni. Ya kwathu imadya munda wa chimanga usiku umodzi, ikakumana ndi bwato imaligudubuza, ndipo palibe amene anaimapo mphindi zisanu kuiyang'ana. Anamaliza n'kunena kuti akafuna amutengere ku Liwonde akasankhe yake, ya thiransipoti alipira yekha.

Panja pa tchalitchi: kodi ndi iwodi?

Mapemphero akatha, pansi pa mtengo pamakhala msonkhano wina wosalengezedwa, ndipo nkhani yake masiku ano ndi makanema opangidwa ndi kompyuta, aja akuti a AI. Mu Meyi 2025 kunazungulira kanema wautali woonetsa Papa Leo XIV akuyamikira mtsogoleri wa Burkina Faso, Ibrahim Traoré. Mawu anali ofanana ndi a Papa, milomo ikuyenda bwinobwino, koma a ku Vatican analengeza kuti n'zopeka, Papayo sanayankhulepo zimenezo. Bambo wina wa mu kwaya, amene anautumiza kwa anthu onse a mu foni mwake, anakana kugonja. Anati kaya ndi wabodza, koma mfundo zake zinali zoona.

Apa zinthu zatembenuka. Kale mwana ankafunsa akulu kuti amuuze choona. Lero agogo amaitana mdzukulu wa Fomu 2, "Iwe, tabwera udzaone, kodi awa ndi iwodi?" Mwanayo amayang'ana zala ngati zili zisanu, amaona ngati milomo ikugwirizana ndi mawu, ngati zolembedwa pa zikwangwani za kumbuyo zikuwerengeka, kenako amafufuza ngati wailesi kapena nyuzipepala yodziwika yanenapo kanthu. Akagamula kuti n'zabodza, agogo amakhumudwa pang'ono n'kufunsa ngati angatumizebe kwa anzawo a ku Mvano, popeza n'zosangalatsa. Mkulu wa mpingo anangokumbutsa kuti kandimverere anakanena za m'maluwa, n'kupempha kuti amutumizireko kaja ka mbusa woterereka pa ubatizo.

Pomwe kuseka kumadukira

Pali timavidiyo tina tomwe tikatchulidwa bwalo limakhala zii. Mu Juni 2022 a BBC Africa Eye anaulula za mzika ina ya ku China yomwe inkajambula ana a ku Njewa, kufupi ndi Lilongwe, ikuwayankhulitsa mawu odzinyoza m'chinenero chomwe anawo sankachimva, n'kumagulitsa makanemawo kwa anthu ofuna kuseka. Munthuyo anathawa, anagwidwa ku Chipata, anabwezedwa kuno, ndipo mu Julayi 2023 bwalo linamupeza wolakwa n'kulamula kuti achoke m'dziko muno. Nkhani imeneyo inatikumbutsa kuti m'kavidiyo kalikonse koseketsa muli munthu, ndipo munthuyo ali ndi amake.

Komatu nafenso tili ndi zathu. Ngozi ikachitika pamsewu, mafoni amafika msanga kuposa manja othandiza. Munthu woledzera, wodwala misala, mtsikana wovulidwa kumsika, onsewa amasanduka choseketsa cha magulupu dzuwa lisanalowe. Mayi wina wogulitsa tomato ananena mosapita m'mbali kuti kuseka ndi munthu n'kwabwino, koma kumuseka ali pansi n'kwina, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Kwa amene mwambi suwakwanira, lamulo lilipo. Kuyambira 2016 dziko lino lili ndi lamulo loona za pa intaneti lomwe limaletsa kuzunza ndi kunyazitsa anthu kudzera pa foni. Ndipo mu Meyi 2024 bwalo la milandu m'boma la Dowa linalamula munthu wina kulipira K200,000, apo ayi akakhale kundende miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa choponya mu gulupu ya kwawo kavidiyo kosonyeza nkhope ya pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, pa thupi lovina, pamodzi ndi mawu omwe bwalo linati ndi achipongwe. Ambiri anati chilangocho chinaposa mlandu, ndipo mtsogoleri ayenera kupirira nthabwala. Koma kuyambira pamenepo maadimini ena anasanduka aulemu modabwitsa, ndipo mawu oti "uthengawu wafufutidwa" anachuluka m'magulupu.

Mlandu womwe uli kwa ankhoswe

Akuluakulu amati zonsezi si zachilendo. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, ankagwetsa anthu ndi phwete kulibe TikTok, ndipo zidutswa za masewero awo zikuzungulirabe m'mafoni a ana amene sanawaonepo pa siteji. Luso lawo linali la awiri, wina aponye wina abweze. N'zomwe tauni ino imachita ndi kavidiyo kalikonse: ojambula amaponya, ife timabweza, ndipo kawirikawiri kubwezako n'komwe kumakoma kuposa kavidiyo kenikeniko.

Pomaliza, nayi yomwe ili m'kamwa mwa anthu kudera lina, ndipo maina ndasunga. Akuti pa ukwati wina, nthawi ya perekaniperekani itafika, apongozi aamuna, munthu waulemu wake amene sanaonedwepo akuthamanga, anamva nyimbo ya unyamata wawo. Anavula jekete, n'kutsika mpaka pansi, n'kukweranso, ndalama zikuuluka. Mkamwini anajambula n'kuika pa sitetasi, poganiza kuti pakatha maola 24 zifufutika zokha. Pa sitetasi zinafufutika, koma m'mafoni a anthu ayi. Pofika Lolemba apongoziwo akulowa kuntchito mlonda wa pageti anawalandira ndi sitepe yomweyo.

Nkhani inapita kwa ankhoswe. A kuchimuna anati mwanayo sanalakwe, ankanyadira apongozi ake, ndipo onse oonera akuyamikira kuti mawondo akadali olimba. A kuchikazi anati mkamwini amene kale sankayenera n'kukumana nawo maso apongozi lero akuwaonetsa kudziko lonse ali chonyonyomala, ulemu wapita kuti? Atakambirana anagwirizana kuti mkamwini apepese ndi nkhuku, kavidiyoko kafufutidwe, ndipo tsiku lina azipempha kaye asanaike munthu pa foni. Koma asanafufute, ankhoswe a mbali zonse anapempha kuti akaonenso kawiri, kuti chigamulo chikhale chachilungamo. Mmodzi wa iwo akuti anafunsa chapansipansi ngati kangalowe mu memore.